Chikopa cha Ng'oma ya a Robson

Chifunda, Chama

Mlamu wanga Thandi,

Muli bwanji ku Lusaka kumeneko, inu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno amayi ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuwavuta. Mwana wathu Mwiza naye ali bwino m'thupi. Ine ndiye musandifunse.

Alongo anu a Robson ali m'chitokosi ku Chama, ndipo chawalowetsamo ndi nkhani yanu ija.

Itatuluka m'nyuzipepala tinasangalala mudzi wonse. Aphunzitsi a Hosea anatiwerengera pa foni, akumasulira Chizungu chanu. Munalemba bwino, mlamu: kuti a Robson amasema ng'oma ndi mitengo yogwa yokha, sadula waiwisi, komanso kuti akuphunzitsa mwana wamkazi luso limene ena amati ndi la amuna. Bambowo anayenda sabata yonse chifuwa chili patsogolo ngati tambala.

Koma munalembanso kuti ng'oma zawo zimalira mokoma chifukwa amakunga ndi chikopa cha mbawala. Mayo ine! Mwaiwala kwanu chonchi?

Kuno wosema ng'oma aliyense amati chikopa chake ndi cha mbawala. Ndi kanenedwe ka malonda chabe. Wogula amagwedeza mutu, onse awiri akudziwa kuti ndi mbuzi, koma palibe amatchula, chifukwa kutchula mbuzi ndi kunyoza mmisiri. Inu munafunsa ndi cholembera m'manja, iwo anayankha monga amayankhira aliyense, inu nkulemba ngati Uthenga Wabwino.

Ng'oma ili pa chithunzi chanuyo, chikopa chake ndi cha mbuzi ija tinakupherani pa Khirisimasi. Chiwindi chake munadya ndinu, mpaka kupempha china.

Lachiwiri kunabwera maskauti a zanyama, nyuzipepala ili m'manja. Sanabwere mwaukali ayi. Mkulu wawo anangofunsa kuti chikopachi ndi cha nyama yanji, popeza ubweya unapalidwa ndipo sichizindikirika. Tsoka lake, pabwalo panali a kwaya ochokera ku Tembwe, atabwera kudzatenga ng'oma ziwiri zimene anaitanitsa atamva nkhani yanu.

Ine ndinali pakhomo ndi mtsuko wa madzi. Ndinamva ndi makutu anga amuna anga akunena kuti ndi mbawala, iwo sakhudza mbuzi. Mkulu uja anawafunsanso kachiwiri, mofatsa, ngati kuwapatsa njira yothawira. Iwo anayang'ana a kwaya aja nkubwereza mawu omwewo. Mtsuko unandipulumuka. Maskauti anawatenga pomwepo, popeza mbawala ndi nyama yoletsedwa kupha. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ine ndaziona pakhomo panga.

Ndinapita ku Chama kukawaona. Ndinalira, ndinagwada, ndinawauza kuti mvula yayandikira ndipo munda sunalimidwe. Anandiyankha kuti dziko lonse lawerenga kuti Robson ndi mmisiri weniweni, ndiye sangaime pamaso pa woweruza nkudzitcha wabodza wa mbuzi. Akuti bola ndende. Munthu wa imvi zake, mlamu! Anzawo osema ng'oma nawonso akana kuchitira umboni, poopa kuulula zawo.

Mwiza wasiya kupita kusukulu. Anzake akumutcha mwana wa wakupha nyama mozemba, ndipo dzulo ndinamupeza akubisa sompho yosemera ya atate ake m'nkhokwe.

Mkulu wa maskauti anandiuza kuti kuyeza chikopa ku Lusaka kumatenga miyezi. Koma anati wolemba nkhaniyo akabwera kudzafotokoza, nyuzipepala nkukonza mawuwo, mlandu ungapepuke. Tsiku la khoti ndi Lachinayi la sabata yamawa.

Ndiye ndikupemphani, bwerani. Mudzanene za mbuzi ija, ndipo mulembenso poyera kuti chinali chikopa cha mbuzi. Ndikudziwa chimene ndikupempha. A kwaya adzabweza ng'oma, anthu adzaseka kumsika, ndipo alongo anu mwina sadzakulankhulaninso. Akadzadziwa kuti ndakuitanani ndine, kaya ine adzandiyang'ana bwanji. Anandiletsa ndithu kukulemberani. Koma ine ndasankha kale: bola andikwiyire ali pakhonde pano kusiyana ndi kuti anditamande ali m'ndende.

Mulungu akusungeni panjira. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi sakudziwa kanthu, ndawauza kuti mwana wawo wapita kukapereka ng'oma ku Tembwe, ndipo m'mawa uliwonse amamuikira mpando panja.

Ndine mlamu wanu,
Lena, amake Mwiza