Kabokosi ka pa Phiri la Tavira

Vatumela, chilumba cha Epi
14 Malichi

Okondedwa achimwene Kaltap,

Ndikhulupirira muli bwino kuminda ya maapozi ku New Zealand. Kalatayi ndapatsira woyendetsa sitima yomwe yabweretsa mpunga ndi matenti, akaiponye kutauni ku Vila. Za namondwe mwamva kale. Amayi ali moyo, ine ndili moyo. Denga la khitchini linapita, nthochi zonse zagona, koma zilazi zina tikufukula. Nsanja ya foni inagwa tsiku loyamba, n'chifukwa chake simukutipeza.

Mukukumbukira timabokosi tathu tija, tomwe munkati ndi zidole za akulu? Ndi tomwe tatsala. Uthenga ukalembedwa pafoni umadumpha kuchoka pa kabokosi kena kupita pa kena mpaka kumudzi wina, popanda nsanja. Komiti inasankha ine kuti ndizitisamalira, ndiye anthu akumadzaza pakhonde pathu kufunsa za abale awo. Midzi inayi ya m'mbali mwa nyanja tikulankhulana bwinobwino.

Wachisanu ndi Sarakoa, kumene kuli alamu anga a Leimara ndi mwana wanu Leisale. Anapita kukaona amayi awo kutatsala masiku awiri kuti mphepo ifike.

Achimwene, pano ndiyenera kuulula. Pakati pa ife ndi Sarakoa pali kabokosi kamodzi kokha, ka pa phiri la Tavira. Titamva pawailesi kuti namondwe akubwera, ndinakwera n'kukakamasula pamodzi ndi sola yake, poopa kuti kangauluke. Palibe anandituma. Ndinkati mphepo ikatha ndikabwezera m'mawa mwake. Koma phiri linagumuka, njira yonse inatsetserekera mumtsinje. Kabokosiko kali pano, pansi pa bedi langa, kopanda ndi chipsera chomwe.

Mlongoti wa kabokosi ka m'mudzi muno ndi wautali, tinaumangirira pa nsungwi ziwiri, moti mawu a ku Sarakoa timawatola pang'onopang'ono. Wawo ndi waufupi, athu sakuwafika. Ife timawamva, iwo satimva.

Amalemba ndi a Kalmet, mkulu wa mpingo wa kumeneko. Tsiku lachiwiri analemba kuti onse ali moyo, koma lata linatema a Leimara pamwendo pamene ankatchinga mwana. Mwanayo sanavulale. Tsiku lachinayi anati mwendo watupa ndipo akufunsa chochita. Namwino wathu, mayi Leiwia, anakhala nane pamphasa, mankhwala ali m'chikwama pamiyendo pawo, akundiuza mawu ine ndikulemba: awiritse madzi, athiremo mchere, asamange balalo kwambiri. Ndinatumiza kakhumi ndi kawiri. Masana kunabwera uthenga wa a Kalmet: "Vatumela, kodi muliko? Tayankhaniko ngakhale liwu limodzi."

Mayi Leiwia anangotseka chikwama chawo n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi.

Musaganize kuti tangokhala. Amalume a Marango anatenga amuna asanu kukayesa mtsinje, koma madzi akukokolola mitengo yathunthu. Maboti onse awiri a m'mudzi anaphwanyikira pamiyala. Woyendetsa sitimayi ndinamugwadira, koma akuti kugombe la Sarakoa mafunde sangalole, ndipo ali ndi zilumba zina zitatu zomudikira. Walonjeza kukanena ku Vila kuti atumize ndege. Sindikudziwa kuti ndi midzi ingati yapempha zomwezo.

Kumsonkhano amalume anandifunsa pamaso pa anthu. Anati, "Iwe, kabokosi tinakagulira tsiku la mavuto, ndiye pa tsiku la mavutolo ukukagoneka pansi pa bedi ngati khanda?" Ena anaseka, ena anati kakanauluka ndithu. Mwina kakanauluka. Koma ka pa tchalitchi sindinakachotse, ndipo mpaka lero kali pomwepo, kakugwira ntchito.

Dzana kunabwera uthenga womwe a Kalmet anati ndi mawu a alamu eniake. Ndaukopera monga ulili: "Ngati alipo akuwerenga, musawauze bambo a Leisale. Angasiye ntchito pachabe. Ndikhala bwino." Pansi pake a Kalmet anawonjezera kuti thupi latentha kwambiri, ndipo batire yawo ikutha chifukwa sola inasweka. Kuyambira pamenepo sikunabwerenso kanthu. Ndimadziuza kuti ndi batire.

Ndakhala masiku awiri ndikulimbana ndi pempho lawolo. Ndalephera kulisunga. Akadzandikalipira ndidzakondwa.

Mawa ine ndi amalume tiyesa kukwera Tavira kudzera kumunda wakale wa zitsamba za kava, kabokosi kali kumsana. Akuti dothi likadali lofewa ndipo mwina tibwerera panjira. Sindikukuuzani kuti mubwere, sindikukuuzaninso kuti mukhale. Ngakhale mutanyamuka lero, mudzaima pa mtsinje womwewu pamodzi nafe.

Amayi akupereka moni. Sindinawauze za kutentha thupi, iwo akudziwa za bala lokha, ndipo asunga zilazi ziwiri zazikulu zoti adzaphikire apongozi awo chigumu cha laplap akabwera. Amalume akupereka moni, mayi Leiwia nawonso. Moni wa Leisale ndi amayi ake ndilibe, achimwene. Ndikaupeza ndidzakutumizirani tsiku lomwelo.

Ndine mlongo wanu,
Leitangi