Katebulo ka Mfumu Louis

Lolemba, 3 Malichi
Sabata ziwiri chiikireni Amayi m'manda. Akulu anga a Ghislaine atulukira kuchokera ku Paris, misozi itauma kale, tepi yoyezera ili m'manja. Mabedi ayi. Mbale ayi. Diso lili pa katebulo kamiyendo yopindika ka pawindo, kamene Amayi ankati nka nthawi ya Mfumu Louis.
"Iwe Maryvonne, ndimakudziwa, uzingoikapo makapu otentha."
Inde. Zaka zisanu ndi zinayi ndikutembenuza Amayi pabedi ndekha, koma katebulo kokha kandikanika.

Lachinayi, 6 Malichi
Akuti tigulitse, tigawane. Ine ma euro awowo sindikuwafuna. Ndikufuna katebulo. Ndawauza. Aseka.
Tsiku lonse kusisita timabowo ta anankafumbwe pamiyendo. "Taona kufumbwaku! Zaka mazana awiri izi!" Chikondi chotere Amayi sanachilaweko.
Mtima ukundiwawa zedi.

Lachiwiri, 11 Malichi
Kwabwera Bambo Lavergne, katswiri wa mipando yakale, kudzaona katebulo. Khofi akana. Kukatembenuza katebulo miyendo m'mwamba, kununkhiza, kenako kutulutsa singano n'kulowetsa m'kabowo. Kena. Kenanso. Singano kungolowa yonse bwinobwino.
"Pepani amayi. Nankafumbwe weniweni amaboola mokhotakhota. Wanuyu anali ndi hamala."
Akuti mmisiri wake anali katakwe, koma mfumu sanaionepo ngakhale kumaloto. Asolola dilowa. Kunsi kwake, ndi pensulo: Kwa Odile wanga. Armand, 1961.
Dzina la Amayi, dzanja la Ababa. Kalipentala wa mawindo ndi mabokosi a maliro uja.
A Ghislaine kukamwa yasa. Ine ndathawira kukhitchini, kuseka kapena kulira, sindikudziwa.

Lachitatu, 12 Malichi
A Ghislaine anyamuka ndi sitima ya m'mawa. "Katenge iwe, paja umakonda zokumbukira." Kuwolowa manja kwawo! Masupuni asiliva nawo akwera sitima, mwina nawonso ndi a mfumu.

Lachisanu, 14 Malichi
Ndawerenga timabowo. Ndasokonezeka pa 300. Kalikonse msomali, hamala, Ababa. Chifukwa mkazi wawo ankasirira za m'mawindo a masitolo.
Ndiye Amayi ankadziwa. Loweruka lililonse kupaka phula, kuuza alendo za Mfumu Louis nkhope ili gwa, Ababa ali pakona kubisala kunyuzipepala, mapewa akugwedezeka. Ife tinkati ndi chifuwa.
Mfumu inali m'nyumba momwemo, ikudya supu nafe.
Mawa Loweruka. Chitini cha phula chija Amayi ankachiika pati kodi