Zithunzi za Kunyanja ndi Diresi Langa Lakuda

Kapata, Chipata
4 Novembala 1996

Okondedwa alamu a Whiteson,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi a Nomsa ndi ana. Kuno tilipo. Amayi anu miyendo ikuwavutabe, koma kutchalitchi akufika.

Kalata yanu inafika pa 28 Okutobala ndi zithunzi zinayi za paki ya m'mbali mwa nyanja yamchere kumene munakacheza. Ndinawawerengera amayi kawiri. Atamva za mapiri a mchenga okhaokha anaseka, nati amenewo angalimepo ndani. Za akamba aakulu ngati chitseko anakana, akuti mwana wawo waphunzira bodza. Ine ndinakonda chithunzi chija a Nomsa akuthawa mafunde nsapato zili m'manja.

Munalemba kuti munapatsidwa tchuthi cha masiku 14, ndipo 6 munakhala kupakiko mukuona mvuu ndi mbalame. Sindikudandaula, alamu. Ndangowerenga kuti basi yochokera kwanuko imafika ku Chipata m'masiku atatu.

Akulu anu a Joshua anatisiya pa 9 Malichi 1994. Lero zakwana zaka ziwiri, miyezi 7 ndi masiku 26 ndili m'diresi lakuda. Pamaliro abale anagwirizana kuti wondisudzula ndi inu, popeza ndinu wotsala wamkulu. Munati mubwera Disembala 1994, kenako Isitala 1995, kenako Ogasiti.

Popanda mawu anu sindingavule zakudazi, sindingabwerere kwathu ku Chipangali, ngakhale ku ukwati wa mng'ono wanga Jesca ndinakhala kumbuyo osavina. Ndikafunsa amayi amangoti tidikire a Whiteson. Ku msika ana amanditcha amayi a zakuda.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauze munthu. A Edmond Banda, aphunzitsi a ku Kasenengwa amene akazi awo anamwalira, anandifunsira pa 2 Juni. Ndinawayankha kuti ndidakali womangidwa. Anati adikira. Sabata yatha anabwera kudzanena kuti akuwasamutsira ku Petauke pa 6 Januwale, ndipo ana awo atatu sangakhale chaka china opanda mayi. Sanandikakamize. Anangoima pakhomo chipewa chili m'manja.

Akulu anu ndinawasamala mpaka tsiku lomaliza, inunso mukudziwa. Sindikufuna nyumba kapena katundu aliyense.

Ngati simungabwere Khrisimasi ino, chonde lembani mizere iwiri yokha kuti mng'ono wanu Lyford achite mwambowu m'malo mwanu. Ndinafunsa amayi, anati akaona dzanja lanu avomera. Ndaikamo envulopu yolemba kale adiresi. Kalata zanu zimatenga masiku 17, ndiye mukaiponya pasanafike pa 10 Disembala idzandipeza nthawi ilipo.

Mulungu akusungeni pantchito. Mundiperekere moni kwa a Nomsa ndi ana onse.

Ndine mlamu wanu,
Getrude