Ampu Siipita ku Mwami

Lolemba, 4 Ogasiti

Anditulutsa m'chipatala. Mkono wamanzere uli m'bandeji, wokolowekedwa m'khosi. Adokotala akuti mtsempha unapanikizika pachigongono, ausuntha, koma dzanzi la zala ziwirizi silitha msanga. Ndinafunsa za gitala, anangoti tiona. Mawu amenewo sindikuwakonda.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Moto wokhawokha kuchokera pachigongono mpaka kuchala chaching'ono. Mabatani akundimanga ndi Fainess, mkazi wanga, ngati khanda. A bandi palibe wabwera.

Loweruka, 9 Ogasiti

Irene, woimba wathu, wabwera ndi nthochi. Atazungulirazungulira waulula. Akuti Paison akuuza anzathu kuti dzanja langa lafa, andiiwale, ndipo ukwati wa ku Mwami Loweruka likudzali gitala yotsogolera aliza iye. Paison ameneyu ndinamupeza akugulitsa mtedza pasiteshoni ya basi, osadziwa kuti nsambo yoyamba ndi iti. Zala zake ndinkaziika ndine, chimodzichimodzi, mpaka zitazolowera.

Nthochi sindinadye.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Wabwera Paison mwiniwake, ndi nsapato zatsopano, n'kukhala pampando wanga. Za mkono wafunsa maso ali pa ampu yokwezera mawu a gitala pakona. Nkhani yake inali imeneyo: bandi ilibe ampu ina, iyi ndi yanga.

Ndinamwetulira. "Udzatenge Loweruka m'mawa, mwana wanga. Usavutike kufuna kwina."

Wathokoza ndi manja awiri. Zala zonse zamoyo.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Achotsa ulusi. Chipsera ngati bongololo. Ndayesa kukanikiza nsambo, chala chaching'ono changogona, chinzake kunjenjemera. Gitala ndaibweza m'thumba.

Fainess wazitulukira zoti ampu siipita ku Mwami, sindikudziwa bwanji. Akuti akwatiwo anakulakwirani chiyani, bambo a Mwiza? Ndati akafunse Paison.

Loweruka, 16 Ogasiti

Fainess atapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndakhoma chitseko, kiyi m'thumba, minibasi ya ku Chipangali kwa achimwene. Foni yalira njira yonse mpaka batire kutha. Ndadya mbatata, ndagona pansi pa mtengo wa mango. Chichitireni opaleshoni sindinagone tulo tokoma chonchi.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Ndabwerako, tauni yonse ikudziwa. Akuti a bandi anabwereka kasipika kolalikirira pamsika, kanapsa panyimbo yachiwiri. Akwati analowa m'holo ndi nyimbo ya pafoni. Amalume a mkwatibwi anamugwira P. kolala pamaso pa anthu, nsapato zatsopano zili lendelende. Ndaseka mpaka chigongono kuwawa.

Akutinso mkwatibwi analira. Zimenezo si zanga.

Fainess wandiikira chakudya n'kuchokapo.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Irene wabwera koma wakana kulowa. Wasiya jumbo pakhonde: waya wanga, nsambo zija ndinasungitsa kwa woimba ng'oma, malaya anga a bandi atasitidwa bwino. Akuti tsiku la nthochi lija, atachoka kuno, a bandi anakumana, anamukhazika pansi Paison n'kumuuza kuti iye akungogwirizira malo, mwini wake alipo. Sanandiuze poganiza kuti si nkhani yoti n'kuikayikira.

"Tikanakudikirani ngakhale chaka, a Whiteson. Pano sitikudikiraninso."

Ndinafuna kunena za zala, za Paison ndi mtedza wake. Anali atafika kale pageti.

Madzulo ndalumikiza ampu, gitala pamiyendo. Dzanja lamanja lili bwinobwino, koma nsambo zosakanikiza si nyimbo. Ndakhala choncho nthawi yaitali. Fainess anali kutsuka mbale kuseri. Ndamuitana, wapitiriza kutsuka. Ndaitananso, ndati andibwereke zala zake.

Madzi anasiya kulira. Wabwera akupukuta manja pachitenje, nkhope ikadali youma, wagwada kumanzere kwanga.

"Ndiike pati?"