Dzanja langa lamanzere layamba kunjenjemera

Amayi, kukucha bwanji kumene muliko?

Kuno ku Nangongwe tilipo. Fakitale ya nsalu inatichotsa ntchito mutangotisiya, ndiye ndimasokera pakhonde. Salaula, zovala zakale zochokera kunja, wadzaza msika, anthu amangobwera ndi zovala zoti ndiwachepetsere. Mkazi wa mchimwene Yohane wabereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu, Tisauke. Mphuno ndi yanu yomwe.

Koma Amayi, ndili ndi mantha. Mukukumbukira mmene m'mimba mwanu munkaumira zaka zambiri manja asanayambe kunjenjemera? Munkandiseka ndikamadya mothamanga: "Iwe Esinati, udya monga sitima izakusiya, mimba izakulanga!" Tsopano inenso ndimatha masiku osapita kuchimbudzi, ndipo chala chachikulu chakumanzere chimagwedezeka chokha ndikasiya makina. Mmene chinayambira chanu.

Chitsegulireni malire, amayi ena amabwera ndi ufa wa ndere za m'nyanja yamchere kuchokera ku Dar es Salaam. Amati umakonza tizilombo ta m'matumbo n'kuchepetsa kutupa kumene kumakwera mpaka kumutu. Ndimauthira m'phala, umanunkha ngati tinsomba ta kapenta tonyowa. Ine amene nyanjayo sindinaionepo! Adokotala a pakiliniki anandiuza kuti palibe amene akudziwa ngati umathandiza, anati ndipite kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Sindinapite. Ndikuopa kumva dzina la matenda anu likutchulidwa pa ine.

Loweruka anatulutsa mwana m'chikuta. Poti inu kulibe, woyenera kuyamba kumulandira pakhomo ndinali ine, azakhali ake. Mlamu anamutambasulira kwa ine, anthu onse akuyang'ana, dzanja lija n'kuyamba kunjenjemera. Ndinalibisa m'chitenje, n'kunena kuti ndili ndi chimfine. Amene anamulandira ndi mayi woyandikana nawo nyumba. Mlamu sakundiyankhula mpaka lero, akuganiza kuti ndamukana mwana chifukwa ine ndilibe wanga. Zikundiwawa kwambiri, komanso ndikuopa kuti achinyamata a kutchalitchi kwa Yohane akamva adzati ndi temberero la pamtundu, mwana n'kumusintha dzina.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Ndikulonjeza kuti mawa ndipita kwa Yohane, ndikaika dzanjali patebulo alione yekha. Ku Lusaka nakonso ndipita. Ndikapempha kuti andipatse mwana Tisauke, koma ndikamunyamula nditakhala pansi pamphasa, kuti akandipulumuka asagwere patali.

Ine mwana wanu,
Esinati