Gitala ya Chitini ya Ababa

Loweruka, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga ndi wolemera.

Mawa tikumanga chiliza cha ababa. Ndinapita ku Thambani kwa achimwene kukatenga gitala ija ababa anakhoma okha atangothawa nkhondo ku Mozambique, ya chitini cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Ndimafuna ikalire kumandako.

Chitinicho ndachipeza m'khola, alamu akuthiramo madeya a nkhuku. Mtengo wake anasonkhezera moto kalekale.

"Iwe, zinthu zinasintha," atero achimwene. "Magitala a masiku ano ndi amagetsi. Ukufuna anthu akatiseke?"

"Inu kuimba munaphunzirira pa chitini chomwechi," ndawayankha. "Yanuyo magetsi akazima imasanduka thabwa."

Ndanyamula chitinicho n'kubwerera kunyumba. Madzulo ano achimwene abwera kuno ndi mawaya atsopano, akuti akonza. Sindinawapatse ngakhale mpando.

Chitini ndachitsuka. Chikununkhabe nkhuku, koma pamene pankakhudza dzanja la ababa pakadali posalala. Mawaya aja awasiya pakhonde. Sindinawalowetse m'nyumba. Koma kuwataya, ayi, sindinawataye...