Makiyi a M'chiuno

Mng'ono wanga,

Landira moni. Muli bwanji kumeneko, iwe ndi alamu? Bondo lija lakusiya? Kuno chifuwa chikadalipo. Ukudziwa kuti ine cholembera sindinachigwirepo, ndiye akundilembera ndi mwana wathu wamkazi amene akundisunga kuno.

Madokotala anapeza kachotupa m'phapo langa la kumanja. Akuti ayenera kutapako kanyama ndi singano yaitali kuti adziwe ngati ndi khansa. Ali ndi makina olondolera singanoyo. Amakugoneka, pafupi ndi nthiti amaikapo kabokosi ka maginito, ndipo dokotala amaona pa kanema pamene nsonga yafika, monga ife timatsatira mzere pocheka thabwa.

Namwino anati ndivule chitsulo chilichonse. Ndinavula wotchi ndi lamba. Koma makiyi a kushopu, aja ndimamangirira m'chiuno, ndinawabisa m'kabudula. Mumtima ndinati mwana wa dzulodzuloyu sangandivule makiyi amene ngakhale malemu mkazi wanga sanawagwirepo.

Singano isanalowe n'komwe, kadontho kosonyeza nsonga pa kanema paja kanayamba kuvina. Dokotala anazimitsa, kuyatsanso, chimodzimodzi. Anati zotere zimachitika chitsulo chikakhala pafupi, nandifunsa ngati ndatsala nacho. Ndinakana, maso ali gwa. Apo anati ndiye kuti makina aonongeka, ndipo iye sangabaye munthu m'phapo mongoganizira.

Anatibweza tonse amene tinali pa mzere. Wotsatira pambuyo panga anali mayi wina woonda, wotsokomola magazi, amene m'mawa anandisendera malo pa benchi. Anamuuza adikire mpaka okonza makina adzabwere. Iye anangopinda nsalu yake, nati Mulungu akudziwa. Makina abwinobwino, mng'ono wanga! Akuluakulu amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma apa nkhwangwa yatera m'mutu mwa wina.

Mwana wathuyu zimenezi akuzimva koyamba pano akulemba. Waika cholembera pansi, wandifunsa ngati makiyiwo ndidzalowa nawo m'manda. Ndamuuza alembe zimenezonso. Akuti mawa tilawirira kwa dokotala ndipo ndikanene ndi pakamwa panga. Ndipita. Koma ndikawauza ayambe mayi uja, ngati angamupeze. Ine ndidikira.

Pempho langa ndi limodzi. Makiyi ali m'envulopu momwemu. Katsegule shopu, umalize chitseko cha aphunzitsi chija mvula isanabwere. Ndakhala ndikunena kuti dzanja lako ndi lolemera pa zipangizo, ndipo ndikunenabe, komabe katsegule. Sowo yatsopano ija usabwereke munthu.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa achemwali athu ndi kwa adzukulu onse. Za khansa usawauze kaye, poti sitinadziwe.

M'chiuno muno mwapepuka, ndikuyenda ngati ndaiwala kuvala.

Ndine mkulu wako,
Kalipentala